Dongo Lofiira Pansi pa Mizu

1

Tsiku limenelo mvula inayamba kuwaza m'mawa, mvula yopanda mabingu, yongonyowetsa makoma ndi kuziziritsa mafupa. Sindinapite ku ntchito. Ine ndimakonza mafiriji, ndipo kukazizira chonchi palibe amene amakumbukira kuti firiji yake inafa. Ndinakoka mpando n'kukhala pabalaza, kutsogolo kwa thanki ya nsomba. M'pamene ndinaona tsamba lachikasu.

Thankiyo ndi yagalasi, yaitali ngati sofa ya anthu awiri, yakuya moti ukapisamo dzanja madzi amafika paphewa. Inali ya mkazi wanga. Anthu ena amaweta nsomba. Iye ankalima munda wa m'madzi, nsombazo zinkangodutsamo ngati alendo. Munali timaudzu ta pansi, zomera zoyanga pachitsa, zina zoyandama pamwamba. Pakati pa zonsezi panali chomera chachikulu cha masamba aatali ngati malupanga. Iye ankachitcha Apongozi.

"Bwanji Apongozi?" ndinamufunsa kalekale.

"Amakhala pakati pa nyumba, salankhula, koma aliyense amawaopa. Ngati inu nomwe, aChete."

AChete ndine. Dzinali ankanditchula iye yekha, tikakhala awiri m'nyumba. Sindine munthu wolankhula. Ngakhale tsiku lomufunsira, ndinangoyamba, iye ndiye anamaliza mawuwo.

Anamwalira chaka chatha, nyengo yotentha. Anagwa kukhitchini, tinathamangira naye kuchipatala, anagonako masabata ochepa, basi. Anati magazi ake anali atawonongeka. Wolankhula ndi madokotala anali mwana wathu wamkazi. Ine ndinkakhala pabenchi panja, chipewa m'manja.

Zovala zake zinapita kwa achibale. Mapoto anatenga mwana wathuyo. Ine ndinatsala ndi thanki. Mwa zonse zimene anasiya, za m'thankimo zokha ndi zimene zinkapuma. Ndinadziuza kuti china chilichonse chichitike, koma Apongozi asafere m'manja mwanga.

Kwa miyezi ingapo zonse zinali bwino. Ndinkadyetsa nsomba, kusintha madzi, kuyatsa nyali m'mawa ndi kuzimitsa madzulo, monga ndinkamuonera. Tsopano tsamba latsopano linkatuluka lachikasu, mitsempha yokha ndiyo yobiriwira. Lina lakale linali ndi timabowo ngati nsalu yodyedwa ndi njenjete.

Ndinakhala pamenepo mpaka mvula inakata.

2

Kufupi ndi kumene ndimagwira ntchito kuli sitolo yaikulu yogulitsa zakudya za agalu, mbalame ndi nsomba. Ndinalowa n'kunena kuti chomera cha m'madzi chikuchita chikasu. Mayi wogulitsa ananditengera botolo pashelefu.

"Feteleza wamadzi uyu. Kachivindikiro kamodzi pa sabata. Musayerekeze kuthira wa maluwa a panja, bambo, mudzadzuka nsomba zonse zitagona chagada."

Ndinathira monga ananenera. Zoyandama zinakondwa, zinachuluka mpaka kutseka kuwala. Zoyanga nazo zinatulutsa mphukira. Apongozi okha ndiwo sanasinthe. Tsamba lina linatuluka lotuwa kuposa loyamba.

Ku ntchito kwanga, firiji ikakana kuzizira umaonjezera gasi. Ndinaonjezera feteleza. Kenako ndinaonjezeranso.

Kunabwera ndere. Inayamba pagalasi ngati fumbi lobiriwira, kenako inamera ngati tsitsi pa masamba onse. Madzi anachita chimbuuzi. Nsomba zinayamba kukwera pamwamba, kukamwa yasa. Ziwiri ndinazivuula zitafa.

Loweruka lina mwana wanga anabwera kudzandiona. Ndi mphunzitsi, amakhala mbali ina ya tauni ndi mwamuna wake. Anaika chikwama pasofa n'kuima kutsogolo kwa thanki, manja m'chiuno, ndendende mayi ake.

"Bambo, mukuphika chiyani m'menemu?"

"Feteleza."

"Amayi sankathira zimenezi."

"Ankathira chiyani?"

Anayang'ana kumbali. Anayamba kukonza nsalu ya patebulo imene sinakhwinyate.

"Kuseri kwa siteshoni ya mabasi kuli munthu wina wogulitsa nsomba ndi zomera. Amayi ankagula kwa iyeyo. Mwina mutapita..."

Anasiyira pomwepo.

"Ndikwanitsa ndekha."

"Ndikudziwa," anatero. "Inu mumakwanitsa zonse nokha."

Anandiphikira, tinadya, anapita. Za munthu uja sanazitchulenso.

3

Lamlungu masana ndinaganiza zotsuka thanki yonse. Ndinapala galasi, ndinachotsa theka la madzi n'kuthira atsopano, ndinathothola masamba owola. Ndikupapasa timiyala pansi pa Apongozi, chala chinagunda kanthu kofewa. M'madzi munafuka kamtambo kofiira. Ndinatulutsa dzanja. Pachala panali dongo, lofiira ngati njerwa. Ndinapisanso mbali ina. Dongo lomwelo, tizidutswa, tokwiriridwa mozungulira mizu. Timiyala ta m'thankimo n'toyera. Dongolo linachita kuikidwa ndi munthu.

Ndili chiimire, malaya atanyowa mpaka paphewa, kunamveka odi. Anali mayi a nyumba yoyandikana nafe, amene msewu wonse umawatcha Wailesi. Anati firiji yawo ikulira ngati galimoto yokwera mtunda.

"Ndibwera mawa," ndinatero.

Iwo anali atalowa kale, maso ali pathanki.

"Iii, achimwene, mwayamba kuzigwira nokha? Nanga mnzawo wa malemu uja sabweranso?"

"Mnzawo uti?"

Anagwira pakamwa. "Pakamwa panga apa! Ine ndimati mukudziwa."

"Nenani."

"Ayi, ine sindifuna kuipitsa dzina la munthu woti anagona. Anali mnzanga, tinkabwerekana ndi mchere womwe."

"Nenani."

Ananena. Wailesi safuna kuyatsidwa kawiri. Anati chaka chonse chomaliza cha mkazi wanga kunkabwera mwamuna wina, wamtali, wochepa thupi, pa njinga yamoto, atamangirira chidebe kumbuyo. Sankabwera pafupipafupi, koma akabwera ndiye kuti ine ndachoka. Ankakhalitsa.

"Ndiye tsiku lina ndikuyanika zovala, katani lanu lija linali litatseguka pang'ono. Ine sindinasuzumire ayi, maso ndiwo alibe chitseko. Ndinaona bamboyo ali chiimire pabalaza pompano, malaya atavula, chifuwa pamtunda. Malemu akuseka, phwete limene ine sindinawamvepo akuseka ndi inu."

Anadikira kuti ndinene kanthu.

"Firijiyo ndibwera mawa," ndinatero.

Atatuluka ndinasamba m'manja. Dongo linakanirira m'zikhadabo.

4

Munthu wosalankhula amaganiza kwambiri, ndipo si zonse zimene amaganiza zili zanzeru.

Ndinayamba kuchiyang'ananso chaka chomaliza chija. Mkazi wanga anasamukira kuchipinda china, akuti mkonono wanga ukumusowetsa tulo. Mkonono womwewo anagona nawo zaka zonse zija osadandaula. Anayamba kuvala malaya aatali manja ngakhale kukutentha. Ndikamugwira pamkono ankauchotsa mwaulemu. Ankapitapita kwa mwana wathu, akuti kukamuthandiza za pakhomo, n'kubwerako atatopa, osafuna nkhani. Nthawi imeneyo ndinkati ndi ukalamba. Tsopano chilichonse chinapeza malo ake, ngati zitsulo za makina amene wawamvetsa mochedwa.

Ndinakumbukira wogulitsa nsomba amene mwana wanga anatchula, ndipo ndinapita kuseri kwa siteshoni ya mabasi.

Kasitoloko n'kakang'ono, kamdima, konunkha madzi. Matanki ali mbali zonse, mapampu akung'ung'uza. Pakhomo panali njinga yamoto, chidebe kumbuyo. Pakauntala panali mayi wansangala akumanga nsomba m'kathumba ka pulasitiki, akucheza ndi makasitomala awiri. Mwamunayo anatulukira kuseri akupukuta manja. Wamtali, wochepa thupi, zala zokhwinyata ndi madzi. Anthu kumeneko amangomuti Wansomba.

"Tikuthandizeni, bambo?"

Ndinkafuna ndimuone kaye. Ndinati chomera changa chikuchita chikasu, ndathira feteleza wamadzi, kwabwera ndere.

"Aa, mwadyetsa olakwika," anatero mofatsa. "Zomera za m'madzi zimadya pawiri. Zina zimamwa ndi masamba, monga zoyandama ndi zoyanga pa zitsa. Zimenezo wamadzi amazikwanira. Zina zimadya ndi mizu, ngati mtengo wa kumtunda. Zimenezo mungathire botolo lonse, mukungonenepetsa ndere."

"Kuli ngati kumuthira munthu phala pamutu n'kumati wadya," anatero mayi wa pakauntala uja, amene anali mkazi wake. Makasitomala anaseka.

Wansomba anatenga chitini pansi pa kauntala n'kutsegula. Munali timibulu tozungulira, tokula ngati nsonga ya chala. Tofiira ngati njerwa.

"Ndimaumba ndekha. Dongo lofiira limapatsa chomera chimene chimabiriwitsa masamba. Ndimasakaniza ndi feteleza pang'ono, n'kuumitsa pamthunzi. Mumatikankhira pansi penipeni, pafupi ndi mizu, kuti tisasungunukire m'madzi. Timatha miyezi ingapo, kenako mumaikanso. Chomera chanucho n'chotani?"

"Cha masamba ngati malupanga. Chachikulu. Chili pakati."

"Thanki yakuya?"

"Mpaka paphewa."

Anasiya kugwedeza chitini. Anandiyang'ana bwinobwino, nkhope yake inasintha.

"Apongozi akudwala?" anatero motsitsa mawu. "Ndinu aChete?"

Dzina limenelo silinatulukepo pakhomo panga. Kulimva m'kamwa mwa mwamuna wina kunali ngati kumupeza atavala jekete langa.

Ine amene sindikweza mawu, tsiku limenelo ndinakweza.

"Unkabwera kunyumba kwanga ine kulibe?"

"Bambo, tiyeni kuseri tikakambe."

"Pompano. Unkabwera?"

"Inde."

"Unkavula malaya pabalaza panga, pamaso pa mkazi wanga?"

Mkazi wake anali atagwira kathumba ka nsomba m'mwamba, osakamanga.

"Inde," anatero, "koma si mmene mukuganizira."

"Nanga n'chiyani?"

Anayang'ana pansi.

"Sindinganene. Ndinalonjeza."

"Unalonjeza mkazi wa mwini."

Ndinatembenukira kwa mayi uja. "Mayi, chaka chonse mwamuna wanuyu ankagawana nane nyumba. Mkazi wanga anamwalira, sangayankhe. Uyu ayankhe kwa inu."

Mayiyo anaika kathumba pakauntala pang'onopang'ono. Anavula epuloni, anaipinda, anatenga chikwama chake.

"Amake mwana, dikira," anatero Wansomba.

"Wavomera wekha," anatero mkaziyo, n'kutuluka.

Wansomba sanamuthamangire. Anatapa timibulu tija n'kundipatsira ndi manja awiri.

"Nditukwaneni mmene mungathere, bambo, koma tengani iti. Mukachedwa chomeracho chifa."

Ndinamenya dzanja lake. Timibulu tinamwazika pansi, tina tinagubuduzika mpaka pamsewu.

5

Nditafika kunyumba ndinachotsa chithunzi cha mkazi wanga pakhoma n'kuchiika m'kabati. Nsomba ndinapitiriza kuzidyetsa, zinalibe mlandu. Koma nyali ya thanki sindinaiyatsenso. Ndinkadziwa tsopano chimene Apongozi ankafuna, ndi kumene chimapezeka. Ndinati ngati moyo wawo uli m'dongo la munthu uja, afe.

Chomera sichifa msanga. Masamba anayamba kuonekera ngati pepala lonyowa, kenako ankasungunuka n'kutsala mitsempha yokha. Ndinkadutsa osayang'ana. Ndinkadyera kukhitchini. Wailesi ankandipatsa moni wachisoni pampanda, wa munthu amene akufuna nkhani ina. Firiji yawo sindinakaikonze.

Zinatenga masabata. Mwana wanga akaimba foni ndinkati ndili bwino.

Tsiku lina masana, pakati pa sabata, chitseko chinatseguka popanda odi. Anali iye, choko chikadali pasiketi. Anayang'ana pakhoma pamene panali chithunzi. Anayang'ana thanki yamdima.

"Mwachita chiyani, bambo?"

"Wakuuza ndani?"

"Wandiimbira Wansomba. Wapirira masiku onsewa, lero walephera. Mkazi wake sanabwerere. Anatenga ndi mwana."

"Ndiye iwenso umamudziwa."

"Ndine ndinakamupeza. Ndine ndinamulozera nyumba ino."

Ndinagwira chitseko cha kukhitchini. Mwana wanga, wobereka ndekha.

"Khalani pansi, bambo."

"Ndili bwino."

"Khalani pansi!"

Sanandikalipirepo chibadwire. Ndinakhala.

"Amayi sanadwale masabata ochepa," anatero. "Anadwala chaka ndi miyezi. Inali khansa ya m'magazi. Masiku amene ankati akubwera kwathu, tinkapita kuchipatala. Malaya aatali manja aja ankabisa mabala a singano ndi mikwingwirima. Kuchipinda china anasamukira chifukwa ankasanza ndi kutuluka thukuta mpaka kunyowetsa zofunda. Mkonono wanu ankaukonda. Ankasiya chitseko chotsegula kuti aziumva."

Iye anapitiriza.

"Adokotala anati thupi lawo silingathenso kulimbana ndi tizilombo. Anawaletsa kupisa manja m'madzi a nsomba, akuti kachilonda kakang'ono pachala kakhoza kuwapha. Anatinso zikanakhala bwino thankiyo itachoka m'nyumba. Kudyetsa nsomba ankatha. Kusintha madzi ndinkachita ine ndikabwera. Koma kudulira ndi kukwirira dongo pansi pa mizu kumafuna wodziwa. N'chifukwa chake ndinakapeza munthu uja."

"Bwanji sanandiuze?"

"Mukumukumbukira mphaka wanga?"

Ndinamukumbukira. Wakuda, wa phazi limodzi loyera.

"Adokotala atanena kuti mphumu yanga ikuyamba ndi ubweya, ndinabwera kuchokera kusukulu mphaka kulibe. Simunafunse munthu. Simunanene kumene munamupititsa. Mpaka lero."

"Unachira."

"Ndinachira, inde. Amayi ankadziwa kuti iwo sachira. Anandiuza kuti, bambo ako akangomva, thanki iyi ituluka tsiku lomwelo, ndipo sadzandifunsa. Adzasiya ntchito, adzakhala pampando n'kumandiyang'ana ngati firiji yokanika kukonza. Ine ndikufuna nditsirize masiku anga pafupi ndi munda wanga, mwamuna wanga azibwera madzulo atatopa n'kumandifunsa kuti tiyi ali kuti."

Anapukuta m'maso ndi kuseri kwa dzanja, choko chinatsala patsaya.

"Ndinawachonderera kuti akuuzeni. Anakana. Anandilumbiritsa, ine ndi munthu uja. Kuchipatala ndinkati mwina mufunsa adokotala, chinsinsi chithere pomwepo. Simunafunse. Atamwalira ndinkati ndikuuzani mukalimba mtima. Nanunso simunandiuze zimene munamva, zimene mosakayika zinachokera kwa Wailesi. M'nyumba muno aliyense ndi aChete."

"Dzina limenelo Wansomba analidziwa bwanji?"

"Chifukwa amayi sankakamba za munthu wina koma inu. AChete amakonda chakuti, aChete akanaona akanati chakuti. Mpaka munthuyo ankakudziwani asanakuoneni."

Ndinafuna kunena kuti sindikanaichotsa thankiyo. Ndinayesa kuwaumba mawuwo m'kamwa. Anakana kutuluka, chifukwa linali bodza. Ndikanaichotsa dzuwa lisanalowe.

Mwana wanga anatsegula kabati, anatulutsa chithunzi, anachipukuta ndi mkono n'kuchibwezera pamsomali.

6

M'mawa mwake ndinapita kuseri kwa siteshoni. Pakauntala panalibe munthu. Wansomba anali atakhala pachidebe chovundikira, ndevu zosameta. Atandiona anaimirira.

"Ndamva," ndinatero.

Anagwedeza mutu.

"Ndinalakwa."

Anagwedezanso mutu. Anakoka chidebe china n'kundilozera. Tinakhala ngati anthu odikira basi.

"Za malaya zija," anayamba yekha. "Tsiku loyamba ndinapisa dzanja nditangopinda mkono. Thanki yanu ija n'njakuya, ndinanyowa mpaka m'khwapa. Mayi anaseka mpaka kutsokomola. Anati, vula upachike pachitseko, mwana wanga, ukadwala chibayo mkazi wako adzandizenga mlandu."

Anamwetulira pang'ono, kumwetulirako kunazima.

"Ankakhala pampando, manja atawapinda pamiyendo ngati mwana wolangidwa. Ankandilozera ndi chibwano. Kumanzere pang'ono. Usakhudze muzu waukuluwo. Kankha ndithu, Apongozi sakonda chakudya cha pamwamba. Tsiku lina anandiuza kuti singano sizinkawapweteka kwambiri. Chowawa chinali kuona tsamba lofa lili apo, dzanja lili apa, osatha kulithothola."

Ndinayang'ana nsomba ina yofiira imene inkazungulira m'botolo.

"Ulendo womaliza anandiuza kuti ndiike timibulu tochuluka, kuti tikufikitseni patali. Anati tikadzatha mudzabwera nokha, pakuti ndinu wouma mutu koma si wopusa. Ndinkakudikirani. Sindinkadziwa kuti mudzabwera motero."

"Mkazi wako ali kuti?"

"Kwa mkulu wake. Ndapitako, ndamuuza zonse, lonjezo ndaliphwanya. Akuti wakufa sachitira umboni. Mwana wanu anamuimbira, akuti mwana aliyense amaikira kumbuyo mayi ake." Anapuma. "Akuti bambo wachikulire, wofatsa ngati uja, sangadzuke kwawo kudzanama pagulu. Akukhulupirira inu."

Moyo wanga wonse anthu akhala akundikhulupirira chifukwa sindilankhula kawirikawiri. Sindinadziwe kuti chimenecho chingagwetse nyumba ya munthu.

"Apongozi ali bwanji?" anafunsa.

"Sindikudziwa."

Anatseka sitolo, anatenga chitini chija, tinakwera njinga yake. Wailesi anali pampanda pamene tinkafika. Anatsegula pakamwa, ndinawayang'ana, analowa m'nyumba.

Ndinayatsa nyali ya thanki. Ndere inali paliponse. Pakati panali zotsalira za masamba, zolendewera ngati nsanza. Wansomba anagwira batani la malaya ake, kenako analisiya. Manja anawaika kumbuyo.

"Pisani inuyo, bambo. Papasani pamene masamba amakumana ndi mizu. Pakakhala polimba ngati mbatata yaiwisi, chiphukanso, ngakhale masamba onse atatha. Pakakhala pofewa..."

Ndinavula malaya n'kuwapachika pachitseko. Madzi anali ozizira. Ndinatsitsa dzanja mpaka phewa linamira, tsaya litagunda galasi. Ndinapeza tsinde. Ndinafinya pang'ono.

Chala chinalowa ngati m'nthochi yowola.

Ndinakoka. Chomera chonse chinazuka popanda kukana, mizu yakuda, yonunkha. Dongo lofiira lotsala linafuka m'madzi, kenako linakhazikika.

Wansomba anachilandira m'manja mwanga n'kuchitembenuza uku ndi uku, kufunafuna kamphukira. Panalibe.

"Tsiku lija chikanapulumuka," ndinatero.

Sanatsutse. Ndi munthu wosanama.

"Ndili nacho china kusitolo, chaching'ono," anatero patapita kanthawi. "Mtundu womwewu."

"Ayi."

Sanakakamize. Anandithandiza kusintha madzi, tinapala ndere, anandionetsa muyezo wa feteleza wamadzi woyenera zoyandama ndi zoyanga, wochepa kwambiri kuposa umene ndinkathira. Timaudzu ta pansi anati tikufuna timibulu, anandisiyira chitini chonse. Pakati pa thanki panatsala dzenje. Nsomba zinkalizungulira, osadutsapo.

7

Inu amene mukuwerenga, sindine wodziwa kulangiza. Ndalemba izi chifukwa kulemba n'kosavuta kuposa kulankhula.

Mkazi wanga sanandinyenge ndi mwamuna. Anandibisira imfa yake, ndipo masiku ena ndimamukwiyira ndithu. Chaka chathunthu ankanyamula katundu amene tikanagawana. Ankasanza kuseri kwa khoma ine ndikuliza mkonono. Koma ndikakwiya ndimadzifunsa kuti anaphunzira kuti kundibisira. Anaphunzira kwa ine. Ndinkakonda anthu anga mmene ndimakonzera makina: kupeza chovuta, kuchichotsa, osafunsa makinawo. Iye ankadziwa kuti ndikanamuteteza mpaka kumulanda chinthu chokhacho chimene chinkamudzutsa m'mawa.

Ngati m'nyumba mwanu anthu amakuuzani zinthu zitatha kale, musafulumire kunena kuti ndi achinsinsi. Mwina anaona zimene mumachita mukauzidwa nthawi ikadalipo. Ndipo mukamva nkhani ya munthu amene sangathenso kudziyankhira, funsani kaye amoyo amene ankamukonda. Ine ndinali ndi mwana woti ndikanamuimbira foni. Ndinasankha kukhulupirira katani lotseguka pang'ono, nditaima ndi malaya onyowa mpaka paphewa, yankho lili pathupi panga.

Chomera chija ndinachikwirira kuseri kwa nyumba. Chimenecho sichidzabwerera. Koma panali nyumba ina imene ndinaigwetsa ndi pakamwa panga, ndipo mwini wake sakanamva wina aliyense koma ine.

Ndinafunsa Wansomba kumene mlamu wake amakhala. Loweruka m'mawa ndinavala jekete, ndinakwera basi, ndinakagogoda pachitseko, ndipo mkazi wake atatsegula ndinavula chipewa n'kumuuza zonse kuyambira pachiyambi.